Sukulu Yalowa M'foni: Kodi Ana Athu Akukhozadi?

    Inu makolo, aphunzitsi ndi ophunzira, senderani pafupi ndi wailesi, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu.

Lero tikambirane za maphunziro a pa intaneti. Ndiyambe ndi funso kwa inu makolo. Mwana wanu akaimba foni n'kunena kuti, "Amayi, sukulu ikuyenda, zonse ndikutsatira," iyeyo wadziwa bwanji? Wayezera chiyani? Nanga wina akati, "Ababa, ine zandikanika, mutu wanga ndi wouma," nayenso wayezera chiyani?

Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha. Mmene wophunzira amadzionera ndi mmene akukhozeradi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zinali zosiyana kuyambira kale. Koma chilowereni sukulu m'foni, ziwirizi zatalikirana kwambiri. Ena akudziyesa okhoza pamene sanafike. Ena akudziyesa olephera pamene mutu wawo uli bwinobwino. Onse awiriwa akupwetekeka, aliyense mwa njira yake.

Tiyambe ndi kukumbutsana kumene tachokera. Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si zachilendo kuno kwathu. Alipo agogo ena akumvetsera pano amene anaphunzira kudzera pa positi, ku Malawi Correspondence College, imene inayamba mu 1965. Manotsi ankabwera mu envulopu. Munthu ankayankha mafunso, n'kutumiza, n'kumadikira kuti amve ngati wakhoza. Masiku ano yunivesite ya Mzuzu ili ndi ophunzira a ODL, amene amabwera pasukulu kwa kanthawi kenako n'kukawerengera kwawo. Ku LUANAR nakonso aliko. Koma onsewa anasankha okha njira imeneyi, ndipo analowamo akudziwa chimene akulowa.

Za mu 2020 zinali zina. Pa 23 Malichi chaka chimenecho, sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, matendawo asanapezeke n'komwe ndi munthu kuno kwathu. Ophunzira analongedza zikwama n'kumwazikana. Sukulu zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala, koma mu Januwale 2021 zinatsekedwanso. M'miyezi imeneyo mayina achilendo analowa m'nyumba zathu: Zoom, Moodle, Google Classroom. WhatsApp, imene tinkatumizirana mauthenga a maliro ndi a zinkhoswe, inasanduka kalasi. Mliri unadutsa, koma sukulu sinatulukenso m'foni. Lero manotsi ali momwemo. Asainimenti imaperekedwa momwemo. Timayeso ting'onoting'ono timalembedwa momwemo.

Tsopano tione wophunzira woyamba, uja amadziona kuti zikumuyendera.

Tiyerekeze kuti amakhala m'tauni. Magetsi alipo, bandulo amamugulira makolo, laputopu ali nayo. Mphunzitsi waika vidiyo ya phunziro. Iye wagona chagada pabedi, foni m'manja, akuonera. Mphunzitsi akusova samu pabolodi, mzere ndi mzere, ndipo mzere uliwonse ukumveka. Mnyamata akugwedeza mutu. Vidiyo yatha. Mumtima mwake akuti, "Izi ndiye zophweka." Kodi wanama? Ayi, sananame. Iye akumvadi choncho. Koma chimene wachita n'kuonerera munthu wina akuganiza. Iyeyo sanaganizebe.

Amayi, inu mukuzidziwa bwino izi. Mwana atha kukhala pambali panu zaka ndi zaka, kukuonani mukuphika nsima. Amaona phala likubwata, ufa ukuthiridwa, mthiko ukuzungulira. Mukamufunsa adzayankha molimba mtima kuti nsima amaitha. Mpatseni mthiko tsiku limene kwabwera alendo. Mudzadya ya mibulu, yosapsa. Maso anaona zonse, koma dzanja linali lisanagwirepo.

Zimenezi akatswiri anaziyesa. Mu 2013, ku Iowa State University ku America, Shana Carpenter ndi anzake anajambula mavidiyo awiri aafupi. Mphunzitsi anali yemweyo. Mawu anali omwewo. Phunziro linali lofotokoza chifukwa chake amphaka ena amabadwa ndi mawanga a mitundu itatu. M'vidiyo yoyamba mphunzitsiyo anaima mowongoka, akuyang'ana anthu m'maso, akulankhula mosadodoma. M'vidiyo yachiwiri anali chowerama, maso pa pepala, akuwerenga mododoma. Kenako ophunzira anafunsidwa kuti, "Mukuganiza kuti mukumbukira zochuluka bwanji?" Amene anaonera vidiyo yokoma ija anadzilonjeza malikisi apamwamba. Mayeso atabwera, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni.

Mwamvetsa zimene zinachitikazo? Kukoma kwa vidiyo kunakweza kudzidalira. Sikunakweze kukhoza. Ndibwerezenso, chifukwa pagona nkhani yathu ndi pamenepa. Kukoma kwa vidiyo kunakweza kudzidalira, sikunakweze kukhoza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo si vidiyo yokha. Taganizani zonse zimene foni imachita pomusangalatsa wophunzira. Watsitsa manotsi a semesita yonse, foni yadzaza, ndipo mtima wakhala pansi ngati kuti zimene zili m'foni zalowa m'mutu. Watsegula phunziro pa Moodle, pambali pake paoneka kachizindikiro koti wamaliza. Wamaliza chiyani? Wamaliza kutsegula. Kabwera kamayeso ka pa intaneti, iye akuyankha buku lili pamiyendo. Funso likavuta, pa gulu la WhatsApp wina watumiza kale yankho. Kale likasa linkabisidwa m'sokosi, munthu akunjenjemera. Lero limabwera poyera, ndipo ambiri saliyesanso likasa. Amati n'kuthandizana.

Kuchokera mu Novembala 2022 kwabweranso ChatGPT ndi anzake. Wophunzira amalemba funso la asainimenti, ndipo madzi a tiyi asanawire, masamba atatu atuluka, Chingerezi chake chosalala. Amawerenga, amavomereza ndime iliyonse, amasintha mawu awiri atatu, n'kupereka. Malikisi amabwera abwino. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mwanayu sakunamiza mphunzitsi yekha. Pakutha pa sabata iye mwini amakhulupirira kuti ntchitoyo inachokera m'mutu mwake.

Ndiye limafika tsiku la mayeso otsiriza. Foni yatsala panja. M'holo muli zii, woyang'anira akuyendayenda. Funso loyamba likuoneka lodziwika, ngati nkhope ya munthu amene munakumanapo naye. Koma cholembera sichikuyenda. Zotsatira zikatuluka, dzina lili pa sapu, mayeso obwereza. Kwa ena mawu ake ndi owawa kuposa apo: wawidedwa, wachotsedwa sukulu. Ndipo mwana amalira moona mtima, akuti, "Koma ine ndinkazitsatira zonse." Makolo amaganiza kuti ankangoyendayenda. Mwina ayi. Mwina ankakhaladi pa foni maola ambiri, akuonera, akuwerenga. Chimene chinalibe ndi munthu kapena chinthu chomuuza msanga kuti sanafike.

Apa ndiime pang'ono, ndifunse. Kale wophunzira ankadziwa bwanji kuti sanamvetse? Ankadziwira kwa anzake. Madzulo, m'hositelo kapena pansi pa mtengo, anthu anayi asanu akhala pa diskashoni. Wina akuti, "Aise, tandifotokozere apa." Uyamba kufotokoza, ufika pakati, mawu atha. Pomwepo wadziwa kuti sunamvetse, kudakali milungu ingapo mayeso asanafike. Ankadziwiranso kwa mphunzitsi. Mphunzitsi wabwino amawerenga nkhope. Akaona makwinya pamphumi za ana a kumbuyo, amabwerera n'kufotokozanso. Pa Zoom makamera amakhala ozimitsa posunga bandulo. Mphunzitsi amalankhula ndi mayina olembedwa pa galasi. Akafunsa kuti, "Tili limodzi?" awiri amalemba kuti eya, ena onse duu. Iye amapitirira.

Uyo anali wophunzira woyamba. Tsopano tione wachiwiri, ndipo ameneyu ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri.

Tiyerekeze kuti ndi mtsikana wa kumudzi, kaya ku Ntchisi, kaya ku Chitipa, kaya ku Nsanje. Anakhoza bwino MSCE pa sukulu yoyendera, mudzi wonse unalulutira atasankhidwa. Foni yake ndi yakale, galasi long'aluka, batire losachedwa kutha. Kutchaja n'kolipira, pa sitolo ya sola kumsika. Netiweki imagwira pachulu kapena pamtunda wa kuseri kwa tchalitchi. Kalasi ya pa intaneti ikuyamba mmawa, nthawi yomwe iye akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu. Pakhomo, munthu wogwira foni amaoneka ngati akusewera, ndiye amatumidwa. Akalowa m'kalasimo, mawu a mphunzitsi akudukaduka. Ola lisanathe bandulo yatha, ndipo ndalama yake inali ya ndiwo.

Izi si za anthu owerengeka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 10 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi imodzi yokha ndi imene inkawunikira magetsi a ESCOM. Ndipo a m'tauni nawo akukumbukira bwino za 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, mmene magetsi ankazimira tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali.

Tsono mvetserani chimene chimachitika mumtima mwa mtsikanayu. Akatsegula gulu la WhatsApp usiku, apeza mauthenga ambirimbiri. Anzake akuyankhana mwachangu, akutumizirana mavidiyo, akuseka nthabwala za m'kalasi imene iye sanaimve. Sanena kuti, "Netiweki yandilepheretsa." Amanena kuti, "Anzangawa ndi anzeru, ine ndinangolowa mwamwayi." Vuto la bandulo lasanduka mlandu wa mutu wake. Amachita manyazi kufunsa. Amayamba kuganiza zosiya, zokwatiwa, zokayamba geni. Ndipo tikataya mwana wotere, timataya namwino, timataya mphunzitsi, timataya mlangizi wa zaulimi, popanda mayeso aliwonse amene anamugwetsa.

Pamene zili choncho, taonani zimene mtsikanayu amachita posowa. Poti foni sisunga moto, amakopera manotsi m'kope ndi dzanja. Poti vidiyo sangaibwereze, amakhala pansi n'kuyesa kukumbukira zimene mphunzitsi ananena. Poti alibe womuuza yankho, amalimbana ndi funso limodzi mpaka tochi itazilala. Kwa iye zonsezi ndi umboni woti akuvutika. Koma ofufuza amati kuphunzira kwenikweni kumayenda motero.

Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, ku Washington University mumzinda wa St. Louis, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza. Ena anaiwerenga kamodzi, kenako anailandidwa, n'kumalemba kangapo zonse zimene akukumbukira. Atafunsidwa kuti adzakumbukira bwanji pakatha sabata, obwereza kuwerenga aja ndi amene anadzidalira kwambiri. Sabata itatha, amene anakumbukira zambiri anali olandidwa pepala aja.

Ku Harvard nako, mu 2019, Louis Deslauriers ndi anzake anagawa pawiri kalasi ya fizikisi. Gulu lina linamvetsera mphunzitsi waluso akufotokoza zonse mwadongosolo. Gulu linalo linapatsidwa mafunso kuti liyambe lalimbana nawo m'timagulu, mphunzitsi n'kufotokoza pambuyo. Pa phunziro lotsatira magulu anasinthana. Olimbana ndi mafunso anakhoza bwino mayeso. Koma atafunsidwa, iwo omwewo anati aphunzira zochepa. Mwaona? Ngakhale ana a ku Harvard anasokonezeka. Thukuta analiyesa kulephera.

Choncho kwa iwe mwana wanga amene ukumvetsera uli kumudzi, ndikuti: kuvutika kwako si umboni woti ndiwe mbuli. Ndibwereze. Kuvutika si umboni wa umbuli. Usadziweruze poyerekeza liwiro la foni yako ndi la foni ya mnzako.

Koma ndisakunamizeni, omvera. Sindikunena kuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino. Kalasi imene mwana sanaimve ndi kalasi yotayika. Buku limene sanathe kutsitsa ndi buku losawerengedwa. Ndipo pali umboni woti kuphunzira pa intaneti pokha kumatsitsa malikisi ngakhale kumene zipangizo zilipo. Mu 2020, ku sukulu ya asilikali ya West Point ku America, ophunzira a phunziro la zachuma anagawidwa mwa maere. Ena analowa m'kalasi, ena anaphunzira pa intaneti. Aphunzitsi anali omwewo, mayeso omwewo. A pa intaneti anapeza malikisi otsikirapo, ndipo amene anatsika kwambiri ndi aja anali ofooka kale. Kumeneko magetsi ndi makompyuta si vuto. Nanga kuli bwanji kwathu kuno?

Mwina wina akuti, "Ndiye mukufuna tibwerere ku choko ndi bolodi?" Ayi ndithu. Ubwino ulipo, ndipo ndi waukulu. Mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna digiri sangasiye ntchito ndi banja zaka zinayi. Namwino wa pa chipatala chaching'ono sangatseke chitseko n'kupita ku Lilongwe. Kwa anthu otere foni yatsegula khomo limene linali lokhoma. Wophunzira amene Chingerezi cha mphunzitsi chimamuthamangira atha kuimitsa vidiyo, kubwerera, kumvetseranso. Wamanyazi amene sangakweze dzanja m'holo yodzaza atha kulemba funso lake. Buku limene ku laibulale linali limodzi, anthu n'kumalibisirana, lero aliyense atha kukhala nalo. Izi n'zoona, ndipo sitiyenera kuzitaya. Chimene ndikukana n'kuyesa phindu la zonsezi pongofunsa mwana kuti, "Ukumva bwanji?"

Ndipo apa ndafika pa inu akuluakulu a mayunivesite.

Semesita ikamatha, kawirikawiri ophunzira amalandira mafunso. Kodi njira ya pa intaneti yakuthandizani? Kodi mukuona kuti mukukhoza bwino kuposa kale? Chongani apa ngati mukuvomereza. Mayankho amasonkhanitsidwa, lipoti limalembedwa, ndipo pamsonkhano wina amaimirira n'kunena kuti ophunzira ambiri ndi okhutira. Kufunsa ophunzira n'kwabwino, musasiye. Maganizo awo amatiuza ngati pulogalamu ikutseguka mosavuta, ngati mphunzitsi amayankha, ngati mwana akudziona kuti ali yekhayekha. Koma mayankho amenewo sakutiuza ngati mwana angathe kugwira ntchito. Taona kale kuti vidiyo yokoma imakweza kudzidalira popanda kukweza kukhoza.

Pali chinanso. Mafunso amenewa amafika bwanji kwa ophunzira? Amatumizidwa pa intaneti. Ndiye amayankha ndani? Amayankha amene ali ndi bandulo. Mtsikana wa pachulu uja sayankha, chifukwa kandalama kake akusungira kutumiza asainimenti. Amene anasiya sukulu mwezi watha sayankha, chifukwa anatuluka kale pa gulu. Lipoti limatuluka lowala, chifukwa ovutika sanawerengedwe.

Nkhaniyi si ya malikisi okha. Taganizani za wophunzira wa unamwino ku KUHeS. Atha kuonera kakhumi vidiyo ya mmene amapezera mtsempha pa dzanja la khanda, n'kudziona kuti wadziwa. Tsiku lina khandalo lidzakhala lanu, usiku, likutentha thupi. Taganizani za wophunzira wa zomangamanga ku MUBAS. Mlatho umene adzawerengere zitsulo zake tidzawolokapo ndi ife, nthawi ya dzinja, mtsinje utadzaza. Wa zaulimi ku Bunda adzaima m'munda mwa mlimi, chimanga chitachita chikasu, ndipo mlimi adzafuna yankho pomwepo. Anthu amenewa tikufuna adzidalire, inde, koma kudzidalira kwake kufanane ndi zimene manja awo angathe.

Ndiye tichite chiyani? Ndiyambe ndi inu ophunzira, chifukwa mbali yanu siifuna ndalama. Mukamaliza kuonera vidiyo, ikani foni chafufumimba. Tengani pepala lopanda kanthu. Lembani zimene mukukumbukira, osasuzumira. Ngati ndi samu, isoveni nokha kuyambira pamwamba. Pamene cholembera chaima, pamenepo ndi pamene simunamvetse. Zidzakuwawani. Mudzaona ngati mwabwerera m'mbuyo. Pitirizani, ndipo mubwerezenso pakatha masiku angapo. Kenako pezani munthu womufotokozera. Ngati mnzanu wa m'kalasi ali kutali, jambulani mawu anu pa WhatsApp mukufotokoza popanda kuwerenga, mumutumizire, iye akufunseni. Mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo alembeni mutatseka buku, wotchi ili patsogolo. Ndipo mukakakamira, funsani. Safunsa anadya phula. ChatGPT ngati mukuigwiritsa ntchito, yambani mwalemba yankho lanu, kenako muiuze ikufunseni mafunso. Musaipatse mthiko.

Kwa inu aphunzitsi, ndikudziwa kuti katundu wanu ndi wolemera. Makalasi ndi aakulu, ndipo nthawi zambiri bandulo yophunzitsira imachoka m'thumba mwanu. Pempho langa ndi laling'ono. Funso loti "Tili limodzi?" lisiyeni. M'malo mwake perekani funso limodzi lenileni, aliyense ayankhe m'mizere iwiri, ndipo muwauze msanga pamene aphonya. Vidiyo ya ola lathunthu iduleni m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse kathere pa funso. Ikaninso mawu okha opanda zithunzi, ndi manotsi opepuka, kuti wa foni yakale athe kutsitsa. Ndipo auzeni ophunzira poyera, tsiku loyamba, kuti kuvutika ndi funso ndi gawo la kuphunzira. Mawu amenewo akachokera kwa inu amalemera. Dzina limene lakhala chete milungu iwiri, tumani mtsogoleri wa kalasi alifufuze. Mwina mwini wake sanagone ulesi. Mwina foni inafa.

Kwa inu makolo, amalume, azakhali ndi nonse amene mumasonkha fizi. Mwana akakhala pa foni nthawi ya kalasi, mulekeni, ali pasukulu. Madzi atunge wina. Koma musalekere pomwepo. Madzulo mufunseni kuti, "Lero waphunzira chiyani? Tandifotokozere m'Chichewa." Musaope kuti inu simunapite patali ndi sukulu. Amene wamvetsa chinthu amatha kuchifotokozera agogo ake mpaka iwo n'kugwedeza mutu. Akayamba kubisala m'mawu a Chingerezi, n'kumati n'zovuta kuzimasulira, muuzeni mwachikondi abwererenso ku buku. Ndipo uja amene akuti mutu wake ndi wouma, musafulumire kuvomereza. Mufunseni kuti ndi makalasi angati amene anawamva kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwina mupeza kuti chofunika ndi batire latsopano.

Nditsirize ndi inu oyendetsa mayunivesite, ndi inu a bungwe la NCHE amene mumavomereza maphunziro. Lipoti la kukhutira kwa ophunzira likafika patebulo panu, pemphani pepala lachiwiri. Pepala limenelo lionetse mmene ana omwewo anakhozera mayeso a m'holo, opanda foni. Lionetse ngati malikisi a pa intaneti akufanana ndi a m'holo, phunziro ndi phunziro. Lisiyanitse ana okhala pasukulu, pamene pali intaneti ya sukulu, ndi ana owerengera kumudzi. Ndipo amene sanayankhe mafunso aja, musawawerenge ngati okhutira. Manambala a foni zawo muli nawo m'kaundula. Sankhani ena mwa iwo, muwaimbire, muwafunse chimene chinawaletsa. Aimbireninso amene anasiya pakati pa chaka, chifukwa iwowo ndi amene akudziwa bwino pamene njirayi ikudontha.

 Amene mukulemba mayeso posachedwapa, ndikukufunirani zabwino zonse.